Chipambano chachitatu: lipoti la momwe Britain inatengera chikho cha Davis Cup mu 2015

Lipoti ili ndalembera aphunzitsi anzanga a tenesi, makamaka amene apatsidwa timu yomwe ili ndi katswiri mmodzi yekha, ena onse ali kutali naye. Zotere zimachitika kusukulu, kukalabu, ngakhale m'timu ya dziko. Anthu ambiri akamakamba za Davis Cup ya 2015 amangoti Andy Murray anatenga chikho yekha, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawuwa sali kutali ndi choonadi, koma mphunzitsi sangapindule nawo kanthu. Funso loyenera ndi lakuti: poti Murray malamulo ankangomulola masewero awiri a mmodzimmodzi pa mkumano uliwonse, chipambano chachitatu chinkachokera kuti, ndipo kaputeni Leon Smith ankachisaka bwanji?

Momwe mpikisano unkayendera

Davis Cup inayamba mu 1900 ngati mkumano wa America ndi Britain. Pofika 2015, mayiko 16 apamwamba ankasewera mu World Group mwa chipulula: ukagonja, watuluka. Mkumano uliwonse unkatenga masiku atatu. Lachisanu kunali masewero awiri a mmodzimmodzi, Loweruka sewero limodzi la awiriawiri, Lamulungu masewero ena awiri a mmodzimmodzi, osewera atasinthana adani. Sewero lililonse linkafuna kuti munthu apate maseti atatu mwa asanu, ndipo seti yachisanu inalibe tie-break (gemu yapadera yothetsera seti ikafika 6-6): munkapitiriza mpaka wina atsogole ndi magemu awiri. Dziko lofika pa zipambano zitatu ndilo linkapitirira. Timu inkakhala ya anthu anayi, ndipo eni bwalo ndiwo ankasankha mtundu wa bwalo: la dothi, la kapinga kapena lolimba.

Mkumano wotere uli ngati mphika pa mafuwa: awiri okha sauimika. Katswiri wanu akhoza kukupatsani awiri, lachitatu mukalisake nokha, kaya kwa wosewera wachiwiri, kaya pa sewero la Loweruka.

Kumene timuyi inachokera

Mu Malichi 2010 Britain inagonja 3-2 kwa Lithuania ku Vilnius, Murray kulibe. Amene anasewera a mmodzimmodzi anali James Ward ndi Dan Evans, ndipo Evans ndiye anagonja pa sewero lachisanu. Kaputeni John Lloyd anatula pansi udindo. M'malo mwake anaika Leon Smith wa ku Glasgow, munthu amene sanatchukepo ngati wosewera koma anaphunzitsa Murray ali mnyamata. Ntchito yake yoyamba inali kugonjetsa Turkey ku Eastbourne kuti timu isatsike kupita kugulu lapansi penipeni la ku Ulaya. Anapambana 5-0.

Chimene ndikufuna muone pa zaka zotsatirazo ndi ichi: Smith sanataye anyamata aja amene anachititsa dziko manyazi ku Vilnius. Mu Epulo 2013, ku Coventry, Britain inatsalira 2-0 kwa Russia, Murray kulibenso. Inapambana la awiriawiri, kenako Lamulungu Ward ndi Evans anapambana onse, mkumano n'kutha 3-2. Chaka chomwecho, Murray atabwerera, anagonjetsa Croatia n'kulowa mu World Group. Mu 2014 anagonjetsa America ku San Diego, kumene Ward anapambana Sam Querrey, n'kukatulutsidwa ndi Italy ku Naples. Motero pofika 2015 Smith anali ndi osewera achiwiri amene anali atalawa kale zowawa ndi zokoma atavala malaya a dziko lawo.

America, Glasgow, 6 mpaka 8 Malichi

Murray anatsegulira pogonjetsa Donald Young m'maseti anayi. Zinali zoyembekezereka. Sewero lachiwiri ndilo linanyamula chaka chonse, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Ward anali pa nambala 111 pa dziko lonse. John Isner anali pa nambala 20, munthu wamtali kuposa mamita awiri, amene sevisi yake inkatsika ngati ikuchokera padenga. Isner anatenga seti yoyamba pa tie-break, yachiwiri 7-5. Wosewera wamba akafika pamenepo amayamba kuganiza zosamba. Koma taonani manambalawo: Ward sanakwapulidwe, anangophonya mapointi ochepa pa nthawi yovuta. Polimbana ndi munthu wa sevisi yotere, ntchito yako ndi kusunga sevisi yako, kubweza mpira uliwonse umene raketi yaufikira, ndi kumuyendetsa uku ndi uku mpaka miyendo yake iyambe kulemera. Munthu wamtali chotere amatopa msanga ndi kuwerama komanso kutembenuka. Ward anatenga seti yachitatu 6-3, yachinayi pa tie-break. Yachisanu inapitirira mpaka 15-13, sewero lonse litatenga pafupifupi maola asanu. Chakumapeto Isner ankangodalira sevisi, mapointi aatali akuwathawa, pamene Ward ankaoneka kuti akadali ndi mpweya.

Ndikamaonera sewero limeneli ndi osewera anga ndimawauza kuti asayang'ane mpira, ayang'ane Ward pakati pa mapointi. Mipata yomalizira sewero inamudutsa kangapo mu seti yachisanu, koma sankathamangira kuseva pointi yotsatira ndi mkwiyo. Ankatenga thaulo, n'kuyang'ana kwa Smith pa mpando, n'kuyambiranso. Mu Davis Cup kaputeni amakhala m'bwalo momwemo ndipo amalankhula ndi wosewera akamasintha mbali, mwayi umene nthawi imeneyo kunalibe m'mipikisano ina ya amuna.

Mapeto a sabata omwewo, ku Buenos Aires, Leonardo Mayer wa Argentina ndi João Souza wa Brazil anasewera maola 6 ndi mphindi 43, nawonso n'kumaliza 15-13 mu seti yachisanu. Kuyambira 2016 Davis Cup inaika tie-break mu seti yomaliza.

Phindu la chipambano cha Ward linaoneka Loweruka. Pokhala patsogolo 2-0, Smith anapumitsa Andy, n'kutumiza Jamie Murray, mkulu wake wa Andy, ndi Dominic Inglot kukakumana ndi mapasa Bob ndi Mike Bryan, amene anali oyamba pa dziko lonse. Anagonja, ngakhale anawavutitsa mpaka 9-7 mu seti yachisanu. Lamulungu Andy analowa ali wopuma, kukumana ndi Isner amene anali atasiya mphamvu zake m'bwalo Lachisanu. Zinatha 7-6, 6-3, 7-6. Chaka chonsecho, uku kunali kokha kumene chipambano chachitatu chinachokera kwa munthu wopanda dzina la Murray.

France, Queen's Club, 17 mpaka 19 Julaye

Pa pepala France inali timu yamphamvu kuposa zonse zimene Britain inakumana nazo. Chaka cham'mbuyo inafika mufainolo. Inabwera ndi Jo-Wilfried Tsonga, Gilles Simon, Richard Gasquet amene anali atangofika m'ndime ya anthu anayi ku Wimbledon, ndi Nicolas Mahut. Aliyense mwa atatu oyambawo akanagonjetsa wosewera wachiwiri wa Britain pa bwalo lililonse. Smith ankadziwa zimenezi, choncho anasankha kapinga wa ku Queen's Club ku London, kumene Murray anali atatengako chikho kanayi, komanso kumene mapointi amafupika ndipo masewero sachedwa kutha. Ngati munthu mmodzi adzasewera masiku atatu otsatizana, bwalo likhale loti lisamudye miyendo.

Simon anagonjetsa Ward mosavuta. Murray anagonjetsa Tsonga m'maseti atatu. Pa 1-1 panalibenso zosankha: Loweruka abale awiri analowa limodzi, n'kugonjetsa Tsonga ndi Mahut atataya seti yoyamba. Lamulungu ndi limene linaonetsa mtengo wa njira imeneyi. Murray analowa ali wotopa, Simon atapuma tsiku lathunthu, ndipo Simon anali wosewera wosafulumira, ankangobweza mpira mpaka iwe ulakwitse. Anatenga seti yoyamba, anatsogolanso mu yachiwiri, ndipo pa tie-break anali patsogolo 4-1. Murray akanataya seti imeneyo, sindikhulupirira kuti miyendo yake ikanamufikitsa pa seti yachisanu, ndipo sewero lomaliza la mkumano likanakomera France. Anatembenuza tie-break ija, n'kumaliza 4-6, 7-6, 6-3, 6-0. Atakhala pa mpando anaphimba nkhope n'kulira. Britain inalowa m'ndime ya matimu anayi koyamba chichokere 1981.

Kumbali ya France, kaputeni Arnaud Clément sanamuseweretse Gasquet mkumano wonse, ndipo Tsonga anasewera Lachisanu ndi Loweruka. Patangopita miyezi yochepa udindo wake unaperekedwa kwa Yannick Noah.

Australia, Glasgow, 18 mpaka 20 Sepitembala

Apa Smith anachita chinthu chimene ambiri sanachimvetse. Anasiya Ward, amene masewero ake anali atalowa pansi miyezi imeneyo, n'kuitana Evans amene anali cha pa nambala 300. Chifukwa chake chinalipo: Evans anagonjetsapo Bernard Tomic ku US Open mu 2013, ndipo backhand yake (kamenyedwe ka mbali ya kuseri kwa dzanja) yodula, yoyenda pansipansi, inkasokoneza osewera okonda mpira wofika m'chiuno. Evans anagonja m'maseti anayi. Kwa ine chisankhocho chinali chabwino ndithu. Ngati wosewera wanu wachiwiri, aliyense amene mungasankhe, akuyembekezeka kugonja, musasankhe potsata mndandanda. Sankhani amene kaseweredwe kake kali ndi mwayi wosokoneza mdani amene ali patsogolo panuyo. Koma kumuuza Ward, munthu amene anakupulumutsani mu Malichi, kuti akhale pansi, pamafunika ubale umene munaumanga kalekale.

Murray anamaliza Thanasi Kokkinakis 6-3, 6-0, 6-3 mosataya nthawi. Loweruka kunali nkhondo. Lleyton Hewitt, amene anali m'chaka chake chomaliza mu Davis Cup ngati wosewera wanthawi zonse, anagwirizana ndi Sam Groth, mmodzi mwa oseva mwamphamvu kwambiri m'mbiri ya tenesi. Abale a Murray anataya seti yoyamba, anatenga ziwiri, anataya yachinayi pa tie-break ali pafupi kumaliza, n'kupambana yachisanu 6-4 patatha pafupifupi maola anayi. Lamulungu Andy anagonjetsa Tomic m'maseti atatu.

Pano ndiyenera kunena za Jamie, chifukwa anthu amamutchula ngati mkulu wake wa Andy basi. Chaka chimenecho, ali ndi John Peers, anafika mufainolo ya awiriawiri ku Wimbledon ndi ku US Open. Ankasewera ndi dzanja lamanzere, maso ake pa neti anali akuthwa, ankadziwa nthawi yodumphira pakati kukadula mpira. Andy ankabweza sevisi kuposa pafupifupi aliyense. Kuphatikiza ziwirizi si mwayi wa magazi okha: timuyi inali ndi Louis Cayer, mphunzitsi wa ku Canada amene ntchito yake yeniyeni ndi masewero a awiriawiri, kuphunzitsa poima, poloza sevisi ndi zizindikiro za kumbuyo kwa msana. Aphunzitsi ambiri timatenga osewera awiri abwino a mmodzimmodzi n'kuwaponya m'bwalo limodzi tsiku la mpikisano, osayeserera n'kamodzi komwe. Britain inaika munthu wapadera pa sewero limodzi mwa asanu, chifukwa inkadziwa kuti chikho chagona pamenepo.

Fainolo: Belgium, Ghent, 27 mpaka 29 Novembala

Belgium inali isanafike mufainolo chichokere 1904, Britain chichokere 1978. Eni bwalo anathira dothi mkati mwa holo ya Flanders Expo, yokhala anthu pafupifupi 13,000. Maganizo awo anali omveka. Sabata yam'mbuyo Murray ankayenera kusewera pa bwalo lolimba ku London mu mpikisano wa osewera asanu ndi atatu apamwamba, ndipo kuchoka pa lolimba kupita pa dothi m'masiku ochepa kumavuta: mpira umadumpha mosiyana, phazi limatsetsereka, msana umamva. Murray anayamba kuyeserera pa dothi mpikisano wa ku London usanayambe n'komwe. Panalinso nkhawa ya chitetezo, pakuti zigawenga zinali zitapha anthu ku Paris pa 13 Novembala ndipo mzinda wa Brussels unali wotsekedwa masiku angapo. Timu ya Britain inachedwetsa ulendo wake ndi tsiku limodzi, koma inapita.

Smith anasinthanso wosewera wachiwiri. Ulendo uno anatenga Kyle Edmund wa zaka 20, amene anali asanasewerepo Davis Cup, koma anali atangotenga chikho cha Challenger, mpikisano wocheperako, pa dothi ku Buenos Aires. Sewero lake loyamba linali lotsegulira fainolo, kukumana ndi David Goffin, nambala 16 pa dziko lonse, pamaso pa anthu a kwawo kwa Goffin. Kwa maseti awiri forehand ya Edmund (kamenyedwe ka mbali ya chikhatho) inkangolowa: 6-3, 6-1. Kenako thupi linamuthera, Goffin n'kutenga 6-2, 6-1, 6-0. M'mabuku kunalembedwa kuti Edmund anagonja. Koma werengani maseti. Goffin anasewera asanu Lachisanu, pamene Murray anasewera atatu okha pogonjetsa Ruben Bemelmans.

Kaputeni wa Belgium, Johan Van Herck, anali ndi vuto lofanana ndi la Smith, kungoti katswiri wake sanali woti n'kugonjetsa Murray. Njira yake inali yotere: Goffin apambane Lachisanu, atenge la awiriawiri, kenako Steve Darcis amalize pa sewero lachisanu monga anachitira ndi Argentina m'ndime yapitayo. N'chifukwa chake anamusunga Darcis Lachisanu, n'kumuika pamodzi ndi Goffin Loweruka. Awiriwa ankakonda kukhala kumbuyo onse, akumenya mipira yotsika kulunjika kwa Jamie, pofuna kusandutsa sewerolo kukhala la mmodzimmodzi. Zinawayendera mu seti yachiwiri. Koma pa neti abale aja anali ndi manja abwino, ndipo sevisi ya Darcis inayamba kufooka. Zinatha 6-4, 4-6, 6-3, 6-2.

Lamulungu Goffin anasewera bwino kuposa momwe 6-3, 7-5, 6-3 ikuonetsera. Seti yachiwiri yokha inapitirira ola. Pointi yomaliza ndi yoyenera kuionetsa kwa mwana aliyense wophunzira kuteteza. Goffin anamuthamangitsa Murray mbali ndi mbali, n'kumenya mpira wolowera kukona ya backhand, iye n'kuthamangira ku neti. Murray anaufikira atatambasuka. Kumenya modutsa m'mbali kukanamupeza Goffin ali chilili pa neti, choncho anaukweza pamwamba ndi lob yozungulira, unadutsa pamutu pa Goffin n'kugwera mkati. Murray anagwa pa dothi, anzake n'kumuunjikira, koma anadzuka msanga kupita kukagwira chanza Goffin ndi Van Herck. Chinali chikho cha 10 cha Britain, choyamba chichokere 1936, nthawi ya Fred Perry.

Kuunika

Kuti itenge chikho, Britain inafunika zipambano 12. Andy Murray anali mu 11: zisanu ndi zitatu yekha, zitatu ndi Jamie. Chotsalacho n'cha Ward. Asanatero iye, amene anapambanapo masewero onse asanu ndi atatu a mmodzimmodzi m'chaka chimodzi cha World Group anali John McEnroe mu 1982 ndi Mats Wilander mu 1983.

Nambala imene ine ndimaiona kukhala yofunika kuposa zonsezi ndi ina. M'masewero asanu ndi atatu aja Murray anataya maseti awiri okha, imodzi kwa Young, ina kwa Simon. Pa mikumano itatu imene anasewera masiku onse atatu, Lachisanu lililonse anamaliza m'maseti atatu. Loweruka linkatheka chifukwa Lachisanu linali lalifupi. Mukamuuza katswiri wanu kuti adzasewera katatu, muuzeninso kuti sewero loyamba si lochitira masanje: gemu iliyonse yotayidwa mwaulesi adzailipira tsiku lachitatu.

Mwayi unaliponso, ndipo tisaubise. Mikumano itatu mwa inayi inali pakhomo, Smith akusankha yekha bwalo. Switzerland, eni chikho cha 2014, inapita ku Belgium popanda Roger Federer ndi Stan Wawrinka n'kutuluka m'ndime yoyamba. Serbia inagonja kwa Argentina Novak Djokovic kulibe. Spain sinali mu World Group chaka chimenecho. Mwa akatswiri anayi otchuka a nthawi imeneyo (Federer, Djokovic, Rafael Nadal wa Spain ndi Murray), Murray yekha ndiye anadzipereka chaka chonse, ndipo kudzipereka kumeneko kunakhudzana ndi munthu amene anali pa mpando wa kaputeni.

Si njira yokhayi imene timu yochepa ingapezere zipambano zitatu. Mu Epulo 1998 Zimbabwe inagonjetsa Australia 3-2 pa kapinga ku Mildura ndi abale awiri okha, Byron ndi Wayne Black, amene anakulira pa mabwalo a kapinga omwe bambo awo anakonza pakhomo ku Harare. Iwo la awiriawiri anagonja kwa Todd Woodbridge ndi Mark Woodforde. Byron anapambana ake onse awiri, kuphatikizapo la Patrick Rafter, ndipo chachitatu anabweretsa Wayne Lamulungu. M'ndime yotsatira anagonja 5-0 ku Italy. Anthu awiri akhoza kugwetsa chimphona kamodzi, koma kuti atero kanayi m'chaka chimodzi pamafunika kuti mmodzi wa iwo asagonje ngakhale tsiku limodzi.

Malire a njira ya Smith anaoneka chaka chotsatira. Mu Julaye 2016, Murray akupuma atatenga Wimbledon, Edmund anapambana masewero ake onse awiri pa dothi ku Belgrade n'kutulutsa Serbia, zimene zikusonyeza kuti kumuponya m'madzi akuya ku Ghent sikunamuwononge. Koma mu Sepitembala, ku Glasgow komwe kuja, Juan Martín del Potro anagonjetsa Murray m'maseti asanu, sewero la maola opitirira asanu, Lachisanu lenilenilo. Edmund anagonjanso kwa Guido Pella. Abale aja anatenga la awiriawiri, Murray anagonjetsa Pella Lamulungu, zinthu n'kukhala 2-2, ndipo chipambano chachitatu chinatsala m'manja mwa Evans. Leonardo Mayer anamugonjetsa m'maseti anayi, Argentina n'kupita kukatenga chikho chake choyamba ku Zagreb. Mu 2019 mpikisanowu unasinthidwa: ndime zomaliza zinasonkhanitsidwa mumzinda umodzi, mkumano uliwonse n'kukhala wa masewero atatu a maseti awiri mwa atatu, onse tsiku limodzi.